Kalata kwa a COSOMA, apolisi, a MRA ndi makhonsolo: chimbale chachinyengo sichizindikirika ndi mtundu wa kunsi kokha

Mabwana ndi madona,

Amene tikulemba kalatayi ndife ojambula nyimbo m'masitudiyo, obena zimbale ndi chilolezo cha eni ake, osindikiza zikuto ndi ogulitsa m'mashopu. Pempho lathu kwa inu a COSOMA (bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za luso), apolisi, a MRA ndi makhonsolo ndi limodzi. Munthu aliyense amene mumamutuma kukalanda zimbale zachinyengo pamsika kapena pachipata apatsidwe njira yolembedwa yoyezera chimbale, ndiponso chimbale chenicheni choti ayerekeze nacho. Popanda ziwirizi, wantchito wanu angathe kulanda katundu wa woyimba amene akugulitsa thukuta lake lomwe, n'kusiya wakuba amene wakongoletsa chikuto. Ndipo mlandu wopita kukhoti ndi umboni wakuti "zimaoneka zafeki" sulimba.

Pali chikhulupiriro chimene chafala: ukatembenuza chimbale n'kuona kunsi kobiriwira kapena kwabuluu, basi n'chafeki. Zimenezi zingagwire ntchito ku London kapena ku Johannesburg, kumene zimbale zambiri za m'mashopu zimaumbidwa kufakitale. Kuno kwathu n'zosiyana. Fakitale siyamba ntchito pa zimbale makumi awiri. Imafuna oda ya mazana angapo kapena 1,000, ndalama zakunja, ndi masabata odikira. Kwaya ya mpingo imene yajambula nyimbo khumi, kapena woyimba amene akufuna zimbale 200 zokagulitsa tsiku lokhazikitsa chimbale chake, amangobena pa CD-R, chimbale chogulidwa chopanda kanthu. Chimbale chakecho n'chobiriwira kunsi ngati cha wakuba, koma n'chovomerezeka. Choncho mafunso ndi awiri ndipo asasakanizidwe. Loyamba, chimbalechi chinapangidwa bwanji? Lachiwiri, mwini nyimbo analola kodi? Maso ndi zida zimayankha loyamba. Lachiwiri limayankhidwa ndi kaundula wa zimbale zovomerezeka, amene tikupempha kutsogoloku.

Tiyambe ndi loyambalo, poti ndi limene limaphunzitsika tsiku limodzi.

Chimbale chilichonse ndi mamilimita 120 m'mimba mwake, kuchindikala mamilimita 1.2, ndipo chibowo chapakati ndi mamilimita 15. Cha kufakitale chimaumbidwa ndi nyimbo zake zomwe: pulasitiki wosungunuka amapanikizidwa pa chikombole chachitsulo chimene chili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, kenako amakutidwa ndi aluminiyamu wopyapyala, vanishi pamwamba, ndiye utoto wa dzina. N'chifukwa chake kunsi kumakhala kwasiliva kofanana paliponse, kuchokera pakati mpaka m'mphepete. CD-R imabwera yopanda kanthu, ili ndi utoto wa mankhwala umene kuwala kwa makina obenera kumawotcha. Utotowo ulipo wa mitundu itatu yodziwika: cyanine wobiriwira mopita kubuluu, azo wabuluu wakuda, ndi phthalocyanine wotuwa mopita kugolide. Wachitatuyu ndi amene amapusitsa anthu, chifukwa pa zimbale zina amaoneka ngati siliva weniweni.

Pamenepo pafunika tochi. Chimbale chimalembedwa kuyambira pakati kupita kunja. Mukapendeka CD-R pansi pa tochi ya foni, mudzaona malire ozungulira: mbali yobenedwa ndi yoderako, yotsalayo ndi yowala. Ngati nyimbo zonse ndi mphindi 45 pa chimbale cha mphindi 80, malirewo amaoneka bwino lomwe chakunjako. Ngati chabenedwa mpaka kudzaza, malire amakhala m'mphepete penipeni ndipo amavuta kuwaona, choncho musagamule ndi chizindikiro chimenechi chokha.

Chachiwiri ndi mkombero wonyezimira ngati kalilole umene uli pafupi ndi chibowo, mbali ya kunsi. Apa pafunika galasi lokulitsa zinthu kakhumi, longa la okonza mawotchi ndi mafoni, ndiponso kufatsa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chimbale cha kufakitale mumkomberomo mumakhala nambala ya chikombole, imene kawirikawiri imagwirizana ndi nambala ya chimbale yolembedwa pamsana wa chikuto. Kuyambira 1994, bungwe la makampani a nyimbo padziko lonse la IFPI pamodzi ndi kampani ya Philips anakhazikitsa zizindikiro ziwiri zotchedwa SID. Choyamba chimayamba ndi IFPI, kenako L ndi zilembo kapena manambala atatu, ndipo chimasonyeza makina amene anajambula chikombole. Chachiwiri chili pa pulasitiki woonekera wa pafupi ndi chibowo, IFPI ndi zilembo kapena manambala anayi kapena asanu, ndipo chimasonyeza fakitale imene inaumba. Chachiwirichi n'chaching'ono kwambiri, chimaoneka pokhapokha mutazunguliza chimbale pang'onopang'ono kuwala kukugwa cham'mbali.

Mafakitale a akuba amachita zitatu: sayika zizindikirozi, amazipala ndi chitsulo, kapena amaika zabodza zokhala ndi zilembo zokhotakhota zosiyana kukula. Malo opalidwa mumkombero pa chimbale chatsopano, chomata m'pulasitiki, ndi umboni wamphamvu. Koma kusowa kwa zizindikiro pakokha si mlandu. Zimbale zoumbidwa 1994 isanafike zilibe, ndipo si fakitale iliyonse yolongosoka imene inalowa m'dongosololi. Izi zikukhudza makamaka inu a MRA pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji, Muloza ndi Songwe, kumene makatoni a nyimbo zakunja amadutsa. Katoni ya zimbale za woyimba wotchuka wakunja, zotuluka chaka chatha, zimene zilibe chizindikiro chilichonse mumkombero, ndi yofunika kuiimitsa ndi kufunsa mapepala a chilolezo chogulitsira.

Njira yosakanika yosiyanitsira CD-R ndi cha kufakitale ndi kompyuta. CD-R iliyonse ili ndi kanjira kozungulira kopangidwiratu, ndipo m'kanjirako munalembedwa uthenga wotchedwa ATIP, wonena dzina la fakitale imene inapanga chimbale chopanda kanthucho, mtundu wa utoto ndi kutalika kwake. Pulogalamu yaulere ngati ImgBurn imawerenga uthengawu m'masekondi ochepa, bola kompyutayo ikhale ndi chida chotha kubena. Chimbale cha kufakitale chilibe ATIP. Wakuba angasindikize pamwamba mokongola bwanji, sangaufufute.

Tsopano chikuto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zikuto zachinyengo za masiku ano zimawala kuposa zenizeni, chifukwa ozipanga amawonjeza mtundu pakompyuta. Musayang'ane kuwala. Yang'anani tizilembo tating'ono ta kumbuyo, pamene palembedwa mayina a oyimba zida, situdiyo, chaka, ndi zizindikiro za © ndi ℗. Pa chikuto chosindikizidwa kuchokera ku fayilo yeniyeni, tizilemboti timakhala takuthwa m'mphepete. Pa chojambulidwa ndi sikana kapena foni timakhala tofufuma, ndipo pagalasi lokulitsa muona timadontho ta mitundumitundu tazungulira chilembo chakuda. Pa nkhope ya woyimba pamatuluka mizere ngati ya ukonde wa udzudzu, chifukwa madontho a makina oyamba akulimbana ndi a makina achiwiri. Kapepala ka kutsogolo kamayenera kukhala pafupifupi mamilimita 120 mbali zonse. Kachinyengo kamakhala kodulidwa ndi lumo kapena sizasi, kopendekeka, nthawi zina kadya theka la chilembo chomaliza. Kamakhala tsamba limodzi loyera kuseri pamene chenicheni chili ndi masamba anayi kapena asanu ndi atatu. Mukanyowetsa chala pang'ono n'kukhudza pakona, inki ya pulinta ya kunyumba imasungunuka.

Manambala a mizeremizere a kumbuyo sathandiza kwenikweni. Wokopera chikuto ndi sikana amakopera ndi manambala omwe. Amagwira okhawo aulesi amene amaika nambala imodzi pa zimbale zosiyanasiyana, choncho pabenchi yokayikitsa tengani zimbale zisanu za oyimba osiyana ndi kuona ngati manambala 12 kapena 13 aja akubwerezeka.

Pamwamba pa chimbale penipenipo, cha kufakitale chimasindikizidwa ndi utoto wolimba, wosalala, wosasungunuka ndi madzi. Chobenedwa chimakhala ndi utoto wa pulinta pa nkhope yoyera, sitika ya pepala, kapena dzina lolembedwa ndi maka. Sitika ya pepala ndi mdani wa wogula. Ikamatidwa mopendekeka, chimbale chimanjenjemera pozungulira, ndipo m'wailesi ya m'galimoto imene yakhala padzuwa guluu amafewa, pepala limatukuka, chimbale n'kukanirira m'kati.

Nyimbo zenizenizo zimaululanso zambiri, ndipo apa tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene wogula amabedwa poyera. Chimbale cha nyimbo chokhazikika, motsata muyezo umene Philips ndi Sony anagwirizana mu 1980, sichipitirira nyimbo 99, ndipo zimbale wamba zimatenga mphindi 74 kapena 80. Mukachiika m'kompyuta ya Windows chimaonetsa timafayilo totchedwa Track01.cda, Track02.cda ndi ena otero. Chimbale cholembedwa kuti muli nyimbo 150 si chimbale cha mtundu umenewu. Ndi mafayilo a MP3 opanikizidwa pa 700 MB, ndipo chikakhala ndi oyimba makumi atatu a m'mayiko osiyanasiyana, n'zokayikitsa kwambiri kuti wochipanga anapeza chilolezo kwa onsewo. Chimenechi sichifunanso galasi.

Chovuta ndi chimene chimaoneka ngati chokhazikika koma chinabenedwa kuchokera ku MP3 yotumizirana pa WhatsApp. Mawu a chimbale chenicheni amafika pa 22 kHz (kHz ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). MP3 yopanikizidwa pa mlingo wa 128 kbps imadula chilichonse chopitirira pafupifupi 16 kHz. Mukatsegula nyimbo mu pulogalamu yaulere ya Spek kapena Audacity n'kuona chithunzi cha mawu, ya MP3 imaoneka ngati udzu wometedwa ndi chikwakwa: mzere wowongoka pa 16, pamwamba pake mdima. M'khutu, zitsulo za ng'oma ndi maseche zimamveka ngati zikulira pansi pa madzi. Palinso mipata. Makwaya ambiri amajambula nyimbo zolumikizana, ina kutha ina n'kuyamba osapuma. Wakuba amabena nyimbo imodziimodzi, ndipo pulogalamu yake imaika masekondi awiri a zii pakati, kapena kudula mpweya woyamba wa wotsogolera nyimbo. Nthawi zina mndandanda wa pachikuto sugwirizana ndi wa m'kati, kapena nyimbo ina ikufuula pamene inzake ikunong'ona poti zinachokera kosiyana.

Tinene chilungamo pano, ngakhale chikukhudza anzathu a m'ntchito yomweyi: alipo oyimba amene amabweretsa okha MP3 kuti tibene chimbale chawo chovomerezeka, chifukwa fayilo ya kusitudiyo inatayika. Choncho ngakhale mzere wa pa 16 uja si chigamulo. Umakhala umboni pokhapokha chimbale chenicheni cha mwini wake chikufika pa 22 pamene chogwidwacho chathera pa 16.

Mukuona kuti njira iliyonse ikuthera malo amodzi: payenera kukhala choyerekeza nacho. Apa ndi pamene tikutembenukira kwa inu a COSOMA. Bungwe lanu lakhalapo kuyambira 1992, munayamba ndi timapepala ta banderole tomata pa makaseti totsimikizira kuti ndi ovomerezeka, kenako hologalamu, ndipo lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso, limene linalowa m'malo mwa la 1989, lilipo kumbuyo kwanu. Tikupempha kuti aliyense wobwera kudzagula hologalamu azisiya zimbale ziwiri zenizeni, ndipo pa chimbale chilichonse palembedwe m'kaundula zinthu izi: ndi cha kufakitale kapena chobenedwa, anabena ndani, pa CD-R ya mtundu wanji, zingati, nyimbo zingati ndi kutalika kwa iliyonse mpaka pa sekondi, manambala a ISRC ozindikiritsa nyimbo iliyonse yojambulidwa ngati alipo, ndi chithunzi cha kutsogolo, kumbuyo ndi mkombero wapakati. Kutalika kwa nyimbo kuli ngati chidindo cha chala. Chimbale chokopedwa kuchokera ku MP3 chingathe kusiyana ndi chenicheni pa kutalika kwa nyimbo zina.

Hologalamu nayo ili ndi matenda ake amene wantchito ayenera kuwadziwa. Yeniyeni imasintha mtundu ndi chithunzi mukaipendeka, ndipo chikhadabo chimamva m'mphepete mwake poti ndi yomata. Yabodza yosavuta ndi imene inajambulidwa limodzi ndi chikuto: imaoneka yotuwa, yosasintha, ndipo chala chimangodutsa. Ina ndi pepala lonyezimira lokulungira mphatso, lodulidwa bwino, limene limawala koma mulibe chithunzi. Yachitatu ndi yeniyeni koma yomatulidwa pa chimbale china, ndipo imakhala ndi makwinya, ngodya yotukuka, kapena guluu wothimbirira m'mbali. Yachinayi ndi imene maso sangaigwire: hologalamu zenizeni zogulidwa m'dzina la chimbale chimodzi n'kukamatidwa pa zimbale za anthu ena. Mankhwala ake ndi akuti hologalamu iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake yomangidwa ku dzina la chimbale, ndipo wapolisi wa ku Karonga kapena wogula wa ku Nsanje athe kutumiza nambalayo pa SMS n'kulandira yankho la dzina la woyimba ndi chimbale. Nambala imodzi ikafunsidwa ku Mzuzu ndi ku Limbe sabata yomweyo, mwadziwa kale kuti pali wokopera. Sitika ikhalenso ya mtundu wophwanyika poimatula.

Kwa inu apolisi, nkhawa yathu ndi kasungidwe ka umboni. Musanalande, munthu agule chimbale chimodzi ngati wogula wamba, alembe tsiku, nthawi, malo ndi mtengo, ndipo atenge lisiti ngati ilipo. Polanda, werengani zimbale potsata dzina la chimbale chilichonse, osati "matumba atatu", wogulitsa asaine ndipo apatsidwe kope lake. Pa dzina lililonse patulani zitatu, zijambuleni mbali zonse ziwiri, ziikeni mu envelopu yomata, ndipo nambala ya mlandu ilembedwe pa envelopuyo. Musalembe pa chimbale ndi bolopeni. Nyimbo zimakhala pansi penipeni pa utoto wa pamwamba, zotetezedwa ndi vanishi wopyapyala kwambiri, motero kukanda pamwamba kumaononga kuposa kukanda kunsi. Musaziunjike pawindo kapena m'galimoto yotentha. Dzuwa limafufuta utoto wa CD-R, ndipo tsiku la mlandu chimbale chingakane kulira pamaso pa woweruza.

Komanso musathere pa mnyamata wa pabenchi. Iye ndi nthambi chabe. Makina obenera zimbale 11 nthawi imodzi amamaliza ulendo umodzi m'mphindi ngati zinayi, kutanthauza zimbale zopitirira 150 pa ola, ndipo mwini makina otere amadyetsa mabenchi ambiri. Zimbale zake zimasiya mapazi. Zochokera m'paketi imodzi zimakhala ndi ATIP yofanana ndi manambala oyandikana pa pulasitiki wapakati. Pulinta yake ikakhala ndi kabowo kotsekeka imasiya kamzere koyera pamalo amodzimodzi pa chikuto chilichonse. Chilembo cholakwika m'dzina la nyimbo chimabwerezeka kulikonse kumene katundu wake wafika. Mukayala zogwidwa ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Blantyre patebulo limodzi, muona kuti zambiri n'zapachibale.

Mwina mufunsa kuti wogula akudandaula chiyani, poti wagula motchipa. Obena mwachinyengo amathamangitsa makina pa liwiro lalikulu la 48x kapena 52x pa zimbale zotsika mtengo kwambiri, ndipo samvetsera chimene chatuluka. Liwiro limakwera chakunja kwa chimbale, komwenso utoto wa zimbale zotchipa umakhala wosayalika bwino. N'chifukwa chake nyimbo zoyamba zimalira bwino pamene wogulitsa akuyesa pamsika, koma zomalizira zimadumphadumpha munthu atafika kunyumba. Muyezo uja wa Philips ndi Sony umalola zolakwika zosapitirira 220 pa sekondi powerenga chimbale, ndipo chimbale chimene chayamba moyo wake chili pafupi ndi malire amenewo, kenako n'kuyanikidwa padzuwa pabenchi, sichikhalitsa. Wogula uja akakhumudwa amatukwana woyimba, amene sanaonepo ngakhale tambala. Poyesa chimbale, yambani ndi nyimbo yomaliza.

Inu a makhonsolo, chiphaso cha malonda n'chanu. Wopempha malo ogulitsira nyimbo aonetse kalata yochokera ku COSOMA ndi malisiti a kumene amapikula, ndipo woyang'anira msika adziwe nambala yoimbira akaona benchi ya zimbale zopanda hologalamu. Tikudziwa kuti malonda ambiri asamukira pa fulashi ndi memore khadi, ndipo alipo onena kuti CD yatha. Koma zimbale zikugulitsidwabe pa zoimbaimba, m'matchalitchi ndi pa misonkhano ya makwaya, ndipo kompyuta imene imabena zimbale zakuba ndi yomweyo imene imathira nyimbo m'mafulashi. Kaundula amene tikupemphayu agwira ntchito kuwiri konse. Pakufunikanso kuwauza anthu momveka kuti msonkho wa pa zida zosungira ndi kukopera nyimbo, umene MRA imatolera, ndi chipukuta misozi cha zimene munthu amakopera kuti amvere yekha. Si chilolezo chogulitsa nyimbo za eni.

Zida zonse zimene tatchula n'zochepa: galasi lokulitsa kakhumi, tochi, rula ya mamilimita, kompyuta imodzi yokhala ndi chobenera, mapulogalamu awiri aulere, maenvelopu, ndi tsamba limodzi la ndondomeko m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi. Galasi, tochi ndi tsambalo zikhale pa chipata chilichonse ndi pa polisi ya boma lililonse. Kompyuta ikhale m'chigawo chilichonse, ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa kulemba lipoti loti akaime nalo kukhoti.

Tikupempha kuti muitanitse msonkhano umodzi wa nthambi zinayi zanu, pakhalenso a Musicians Union of Malawi, miyezi itatu isanathe. Ife tibwera ndi zimbale za mitundu yonse, za kufakitale, zobenedwa ndi chilolezo ndi zachinyengo, tizisakanize patebulo, ndipo antchito anu azisiyanitse ndi manja awo mpaka atazolowera. Maphunzirowo ndi a tsiku limodzi, ndipo sitidzalipiritsa.

Ndife anu,
Ojambula, obena ndi chilolezo, osindikiza zikuto ndi ogulitsa nyimbo